Ku Barbados ndi ana: hotela ya all-inclusive, chipinda chokhala ndi khitchini, nyumba yonse kapena sitima?

Mabanja ambiri a Chimalawi amene ali ku UK akasunga kandalama amapita kumudzi, ndipo n'zoyenera. Koma ana akasinkhuka amayamba kupempha ulendo wina, woti si wa kumaliro, si wa kuukwati, si wonyamula masutikesi a mphatso za abale. Nkhani ino ndi ya banja limene lagwirizana kale kuti ulendo uno ndi wa kunyanja ya mchere, ku Caribbean, ndipo chatsala n'kusankha pogona.

Ndatenga Barbados pa zifukwa zooneka. Ndege za British Airways ndi Virgin Atlantic zimanyamuka ku London n'kukatera pa bwalo la Grantley Adams osaima pena paliponse, ulendo wa maola 8 kapena 9. Anthu amalankhula Chingerezi, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Ndalama yawo anaimangirira ku dola ya America kuyambira 1975, madola 2 a Barbados kukwana dola imodzi ya America, choncho kuwerengera sikuzunguza mutu. Chilumbacho n'chaching'ono, makilomita 34 m'litali ndi 23 m'lifupi, ndipo m'litalimo ndi pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Magombe onse ndi a anthu onse. Ngakhale hotela yodula chotani ilibe mphamvu yokuthamangitsani pamchenga, ndipo mfundo imeneyi isintha masamu athu kutsogoloku.

Musanakopeke ndi chithunzi cha hotela

Choyamba kusankha ndi gombe. Kumadzulo, ku St James ndi St Peter, kumene kuli Holetown ndi Speightstown, madzi amakhala bata masiku ambiri, ndipo mwana wa zaka 4 amasewera m'madzi ofika m'mawondo mayi ake ali pomwepo. Kumeneko n'kodula. Kum'mwera, ku Christ Church, kuli Hastings, Rockley, Worthing, St Lawrence Gap ndi Oistins. Mafunde alipo, pena ofatsa pena okankha, malo ogona ndi ambiri ndipo mitengo yake ndi yofikirika. Kum'mawa, ku Bathsheba, gombe layang'anizana ndi Atlantic. N'kokongola zedi, pitani mukaone miyala yake ikuluikulu, koma eni dziko amachenjeza kuti si kosambira.

Ife amene tinaphunzira kusambira ku Senga Bay, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay timadzidalira chifukwa mwera timaudziwa. Komabe nyanja ya mchere ili ndi chinthu chimene ambiri sitinakumane nacho: madzi obwerera, amene amayenda ngati kamtsinje kobisika kuchoka kumtunda kulowera kwakuya. Akakugwirani musalimbane nawo polunjika kumtunda, mungotopa. Sambirani motsata gombe mpaka mutulukemo. Mbendera yofiira ikaikidwa pamchenga, tsiku limenelo ana asewere ndi mchenga basi.

Chachiwiri ndi mwezi. Nyengo youma imayamba mu Disembala mpaka cha mu Meyi, ndipo mitengo imakwera kwambiri kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo. Nyengo ya anamondwe a ku Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Barbados ili chakum'mawa kwa zilumba zinzake ndipo anamondwe ambiri amailambalala, koma sikuti saifika. Elsa anawomba mu Julayi 2021, woyamba wa mphamvu yotero kuchokera pa Janet wa 1955, ndipo Beryl mu Julayi 2024 anaphwanya maboti ambiri a asodzi ku Bridgetown. Amalawi sitifunika kuuzidwa kawiri za namondwe, Freddy wa 2023 tikumukumbukira. Tchuthi chachitali cha sukulu za ku UK chimagwera m'nyengo ya anamondwe yomweyi. Kumayambiriro kwa Ogasiti kumakhalanso chikondwerero cha Crop Over, chimene chimafika pachimake Lolemba loyamba la mweziwo pa Grand Kadooment. Ana a dzikolo amene ali kunja amabwerera kwawo, ndege zimadzaza, matikiti amakwera. Ngati mukuganiza zozembetsa ana kusukulu kuti mupeze tikiti yotsika, dziwani kuti ku England chindapusa chimayambira pa £80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimafika £160 mukachedwa kulipira.

Chachitatu ndi mapasipoti. M'nyumba imodzi mumatha kukhala pasipoti ya Britain ya ana, ya Malawi ya makolo, ndi ya agogo amene abwera kudzacheza. Amalawi amalowa ku Barbados opanda viza ngati nzika za Commonwealth, koma malamulo otere amasintha, choncho tsimikizani musanagule tikiti. Vuto lenileni ndi njira. Tikiti yotsika yodutsira ku Miami kapena New York imafuna viza ya America kwa wa pasipoti ya Malawi ngakhale mukungosintha ndege. Wochokera ku Lilongwe kudzera ku London kawirikawiri amafunika viza yodutsira ya UK ngakhale asatuluke pabwalo la ndege. Agogo amene ali ku UK pa viza ya alendo aonetsetse kuti viza yawo ikuwalola kulowanso pobwerera. Palinso fomu ya pa intaneti ya olowa m'dziko imene imalembedwa patatsala masiku ochepa kuti munyamuke.

Njira zinayi zili m'munsizi ndaziyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kapezekedwe ka malo, ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndi zoopsa. Cha ntchitocho ndi chimene mabanja athu amachiiwala. Timawerenga mapaundi a tikiti ndi a chipinda, koma sitiwerenga kuti adzuke m'mamawa ndani kuphika phala, atsuke mbale ndani, aziyang'anira ana pamadzi ndani. Kawirikawiri yankho ndi mayi. Mayi amene wagwira mashifiti a usiku chaka chonse kuti ulendowu utheke sayenera kungosamutsa khitchini kuchoka ku Leeds kupita ku Worthing. Ngati njira ina yatsika mtengo chifukwa munthu mmodzi sadzapuma, kambiranani zimenezo poyera musanalipire.

Njira yoyamba: hotela ya all-inclusive

*Mtengo.* Mumalipira kamodzi chipinda, chakudya cha tsiku lonse, zakumwa, ndipo m'mahotela ambiri masewera ena a pamadzi ndi malo osamalirako ana. Pa njira zonse, iyi ndi imene chiwerengero chake chimaopsa poyamba, ndiponso ndi imene sichisintha kwambiri mukafika. Ku Barbados zakudya zambiri zimachokera kunja, kudya m'malesitilanti n'kodula, ndipo pa bilu amawonjezera 10 mpaka 15 peresenti ya ogwira ntchito. Banja la anyamata awiri a zaka za m'ma 13 mpaka 16, amene amamva njala ola lililonse, limapindula nayo njirayi. Banja la khanda loyamwa ndi mwana wa zaka 3 wokana chilichonse kupatula mpunga, makolo ake osamwa mowa, likulipirira zinthu zimene silidzakhudza. Mbali ina ya mtengo wa all-inclusive ndi mowa, ndipo ambiri a ife a kutchalitchi timalipirira anzathu. Funsaninso zimene sizili m'kati: ulendo wa boti wokaona akamba, galimoto yochokera ku bwalo la ndege, wolera ana madzulo, ndi msonkho wa boma wa pa chipinda usiku uliwonse.

*Kapezekedwe.* Barbados ilibe mahotela otere ochuluka ngati Jamaica kapena Dominican Republic, ndipo ena mwa otchuka salandira ana. Mahotela a Sandals a pachilumbachi ndi a akuluakulu okha. Olandira mabanja alipo, monga Turtle Beach ndi Sea Breeze Beach House kum'mwera, kapena Crystal Cove kumadzulo. Chovuta ndi zipinda. Zambiri zimalola anthu anayi, ndiye banja la ana atatu limakakamizika kutenga ziwiri kapena chipinda chachikulu, ndipo zoterozo zimatha msanga pa Khirisimasi, pa tchuthi cha Febuluwale ndi pa Isitala. Mukatenga ziwiri, pemphani kuti akulembereni kuti zili ndi chitseko cholumikiza. Mawu oti "zoyandikana" angatanthauze kuti ana ali kumapeto kwa khonde.

*Ntchito ya tsiku ndi tsiku.* Apa ndi pamene njirayi imapambana zinzake kutalitali. Palibe kuphika, palibe kutsuka, matawulo amasinthidwa, ndipo ana a msinkhu woyenera amatha maola angapo ndi owasamalira. Malo a anawo nthawi zambiri ali ndi zaka zoyambira, choncho wa mwana wa zaka 2 afunsiretu. Zochapa zokha n'zimene zimadula mukapereka kuhotela. Kapaketi ka sopo wa ufa m'sutikesi kamathandiza.

*Zoopsa.* Choyamba ndi kumangika. Mwalipira chakudya chonse, ndiye mtima umawawa kukadya kwina, ndipo mutha kubwerera osalawa nsomba yowotcha ya Lachisanu usiku ku Oistins, osakwerako basi, osacheza ndi munthu wa dzikolo kupatula wokupatsirani mbale. Chachiwiri, hotela ikakhala pa gombe la mafunde kapena lofikako zomera za m'nyanja zotchedwa sargassum, sabata yonse mudzathera pa dziwe losambiramo. Zomerazi zakhala zikukocheza ku Caribbean kuyambira 2011, makamaka ku magombe a kum'mawa ndi kum'mwera, ndipo zikayamba kuwola zimanunkha ngati mazira ovunda. Kumadzulo sizifika kawirikawiri. Ubwino wake, mukagula ndege ndi hotela pamodzi kwa kampani ya ku UK yokhala ndi chitetezo cha ATOL, kampaniyo ikagwa ndalama zanu zimabwezedwa ndipo simusiyidwa kunja.

Njira yachiwiri: chipinda chokhala ndi khitchini, kum'mwera

Iyi ndi njira imene ndimaikonda, ndipo ndinena chifukwa chake popanda kubisa kuipa kwake.

*Mtengo.* Kuyambira ku Hastings mpaka ku Oistins kuli timahotela ndi mafulati ambiri okhala ndi chitofu, firiji ndi mapoto. Chipinda chimatsika kwambiri poyerekeza ndi all-inclusive, ndipo popeza gombe ndi la aliyense, mchenga umene mukhalepo ndi womwewo wa anthu a hotela yodula ya pafupi. Koma musaganize kuti kugolosale n'kotchipa. Mkaka, tchizi, zakudya za m'mawa za m'mabokosi ndi matewera zimadula kuposa ku UK, ndipo msonkho wa VAT pa katundu wambiri ndi 17.5 peresenti. Amene amapulumutsa ndalama ndi amene amadya za komweko: nsomba ya pamsika wa ku Oistins, mbatata, nthochi zophika, therere ndi maungu a ku Cheapside Market ku Bridgetown. Pamsika mukamva akuti "dolphin" musadabwe, akunena nsomba ya mahi-mahi, osati chinyama chija ana amachikonda. Chakudya cha dziko lawo ndi cou-cou ndi nsomba zouluka. Cou-cou ndi ufa wa chimanga wophikidwa pamodzi ndi therere, wovundulidwa ndi mthiko wawo mpaka kulimba. Mmalawi akaiona amaseka yekha, chifukwa ndi mbale wake wa nsima. Ufa wachikasu umapezeka m'masitolo monga Massy, ndiye agogo amene sagona osadya nsima savutika.

Kuyenda nakonso n'kotsika. Basi ndi madola 3.50 a Barbados kulikonse kumene mukupita. Pali mabasi a buluu a boma, amene safuna za chenje choncho konzeranitu ndalama yokwanira, pali achikasu, ndi timaminibasi toyera ta nambala yoyamba ndi ZR. Amene anakwerapo minibasi ya ku Ndirande kapena ku Kawale sadzaona chachilendo: nyimbo zili pamwamba, kondakitala akuitanira, malo amapezeka ngakhale mwadzaza. Matakisi alibe mita, gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo mufunse ngati akunena madola a Barbados kapena a America.

*Kapezekedwe.* Malo ndi ambiri kuposa njira ina iliyonse, ngakhale a zipinda ziwiri zogona oyang'ana kunyanja amatengedwa msanga ndi alendo a ku Canada ndi UK amene amakhala miyezi yathunthu nthawi yozizira kwawo. Samalani ndi St Lawrence Gap. Masana ndi pabwino, koma usiku pali mabala ndi nyimbo mpaka mochedwa, ndiye wa ana aang'ono asankhe chakumapeto kwake, cha ku Dover, kapena apite ku Worthing, kumene matanthwe a m'nyanja amatchinga mafunde ndipo madzi ndi osaya. Ku Hastings ndi Rockley kuli kanjira ka matabwa kotsata gombe, kabwino kukankhapo ngolo ya mwana dzuwa likamalowa. Limalowa cha m'ma 6 koloko ngati kwathu, chifukwa Barbados yatalikira equator chakumpoto pafupifupi mofanana ndi mmene Lilongwe yatalikira chakum'mwera.

*Ntchito ya tsiku ndi tsiku.* Pano m'pamene pagona nkhani. Khitchini ikakhalapo, wina aphika. Njirayi imakoma pokhapokha mutapangana musananyamuke. Pangano limene ndaona likugwira ntchito ndi ili: m'mawa aliyense adzipangira tiyi ndi buledi, masana mumagula, madzulo mumaphika masiku atatu kapena anayi okha pa sabata, mosinthana, ndipo amene waphika satsuka. Kugula masana sikufuna lesitilanti ya nsalu patebulo. Pali ma cutter, amene ndi mabanzi a mchere oikamo nsomba yokazinga, pali roti, pali macaroni pie, ndipo ana akalira za nkhuku ndi tchipisi pali Chefette, imene ili ponseponse pachilumbachi. Funsani ngati amabwera kudzasesa ndi kusintha zofunda tsiku lililonse kapena kawiri pa sabata, ngati pali makina ochapira, ndiponso ngati makina oziziritsa ali m'zipinda zonse kapena chogona chokha. Magetsi awo ndi a 115V ndipo mapulagi ndi a Chimereka, tengani zolumikizira.

Palibenso wokusungirani ana. Maso anu ndiwo mlonda kuyambira m'mawa mpaka kugona. Makolo awiri amatha kusinthana. Kholo limene lili lokha ndi ana awiri aang'ono lidzabwerera litatopa kuposa mmene linapitira.

*Zoopsa.* Mukagula tikiti payokha ndi chipinda pachokha, ATOL sikutetezani, ndipo ndege ikalephereka chifukwa cha namondwe mwini chipinda sakakamizika kukubwezerani. Inshuwalansi ya ulendo igulidwe tsiku lomwe mwalipira, osati sabata yonyamuka, ndipo muwerenge ngati ikuphatikiza nyengo yoipa. Khadi la GHIC, la ku UK lolandirira chithandizo cha kuchipatala kunja, siligwira ntchito ku Barbados. Chipatala chachikulu ndi Queen Elizabeth Hospital ku Bridgetown, palinso zipatala zolipira, ndipo mlendo amalipira. Malungo kulibe, koma kuli dengue, imene udzudzu wake umaluma masana. Ife tinazolowera kudziteteza usiku ndi neti, ndiye mafuta othamangitsa udzudzu muwadzole ana m'mawa ndi madzulo omwe.

Njira yachitatu: nyumba yonse, mabanja awiri kapena atatu

*Mtengo.* Nyumba ya zipinda zinayi yokhala ndi dziwe lake, ku St James kapena ku St Peter, imaoneka ya anthu olemera mpaka mutagawa mtengo pa anthu khumi. Mutu umodzi susenza denga, koma mabanja atatu amalisenza, makamaka kunja kwa miyezi yodula. Nyumba za pagombe penipeni mitengo yake ndi ya dziko lina. Zofikirika zili chakumtunda, kuwoloka msewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja kapena kukwera kaphiri. Onjezani msonkho wa 10 peresenti wa nyumba zobwereketsa kwa alendo, ndalama ya chikole, ndi galimoto, chifukwa anthu khumi ndi zikwama za kugolosale simungadalire basi. Galimoto zobwereka zimadziwika ndi nambala yoyamba ndi H. Mipando ya ana ya m'galimoto muitanitsiretu.

*Kapezekedwe.* Nyumba zabwino za pa Khirisimasi zimagwidwa kudakali miyezi yambiri, ndipo eni ake ambiri amafuna kuti mukhale masiku osachepera chiwerengero china. Mu Meyi, Juni ndi Okutobala zimapezeka mosavuta. Chovuta chachikulu si nyumba koma ife eni: kupeza sabata imene mabanja atatu onse apatsidwa tchuthi kuntchito.

*Ntchito ya tsiku ndi tsiku.* Nyumba zambiri zimabwera ndi wosesa wa masiku angapo pa sabata ndi wosamalira dziwe, ndipo zina mutha kulemba wophika polipira mwapadera. Ndikulimbikitsa kuti mulembe wophikayo, ngakhale wa chakudya cha madzulo chokha. Tikudziwana. Pakakhala apongozi, alamu ndi ana asanu ndi awiri m'nyumba imodzi, mkamwini amakhala pakhonde ndipo mtengwa wamng'ono amapezeka ali kukhitchini kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, osadandaula chifukwa cha ulemu. Ndalama ya wophika igawidwe pa mabanja onse ngati mbali ya mtengo wa nyumba, kuti pasakhale wochita manyazi kuitchula.

*Zoopsa.* Dziwe la panyumba lilibe mlonda, ndipo ambiri alibe mpanda. Akuluakulu akachuluka aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana ana, ndipo mwana amamira mwakachetechete, sakuwa. Ikani munthu mmodzi wodziwika pa ola lililonse, wopanda foni m'manja. Ngati pali mwana woyenda dededede, funsani za mpanda musanalipire, ndipo ngati palibe, ine ndingasiye nyumbayo.

Kumadzulo komweko kuli mitengo ya manchineel m'mbali mwa gombe. Tizipatso take tobiriwira timafanana ndi timaapozi, ndipo ndi poizoni. Utomoni wake umawotcha khungu, moti ngakhale kubisala mvula pansi pake kumatulutsa matuza. Yambiri anaipaka utoto wofiira pathunthu, koma osati yonse. Ana athu amene anazolowera kutola masuku ndi masawu kumudzi muwaonetse mtengowu tsiku loyamba. Safunsa anadya phula.

Chomaliza ndi ndalama pakati pa abale. Wina akasintha maganizo mwezi umodzi usanakwane ulendo, gawo lake alipira ndani? Lembani zimenezi pamene mukugwirizana. Ndipo musatumize ndalama ku akaunti ya munthu amene mwangomupeza pa Facebook. Lipirani kudzera ku kampani yodziwika kapena pa khadi la ngongole, kuti nyumba ikapezeka kuti kulibe mukhale ndi podandaula.

Njira yachinayi: sitima yoyambira ku Bridgetown

Iyi ndingoikhudza, chifukwa ndi ulendo wa mtundu wina.

*Mtengo.* Makampani monga P&O Cruises amagulitsa ndege, chipinda cha m'sitima ndi chakudya pamodzi. Zakumwa zambiri, intaneti ndi maulendo a pamtunda mumalipira padera, ndipo zimaunjikana.

*Kapezekedwe.* Sitimazi zimakhala ku Caribbean nthawi yozizira ya ku UK, cha mu Novembala mpaka Malichi, ndiye kwa ana a sukulu mwayi ndi Khirisimasi ndi Febuluwale basi. Sitima zina ndi za akuluakulu okha.

*Ntchito ya tsiku ndi tsiku.* Palibe kuphika, ndipo malo a ana amakhala okonzedwa bwino. Koma zipinda n'zopanikiza, ndipo tsiku lililonse ndi kutsika, kuyang'ana wotchi, kubwerera sitima isananyamuke.

*Zoopsa.* Sitima imaima pa zilumba zambiri, zina za France monga Martinique, zina za Netherlands. Wa pasipoti ya Malawi afunse kampaniyo, ndipo imuyankhe molemba, za viza ya doko lililonse, chifukwa atha kukanizidwa kukwera. Barbados yeniyeniyo mudzaiona tsiku limodzi kapena awiri.

Ndiye ndani atenge iti

Kholo limene likuyenda lokha ndi ana, kapena banja limene onse awiri amagwira mashifiti ndipo afika potopa kwenikweni, atenge all-inclusive, ngakhale zitanthauze masiku 7 m'malo mwa 10. Asankhe ya pa gombe lofatsa, agule pamodzi ndi ndege pansi pa ATOL, ndipo apatule Lachisanu limodzi la ku Oistins ngakhale chakudya cha kuhotela chili cholipiriratu.

Banja la makolo awiri ndi ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, limene thumba lake lili ndi malire ndipo limakonda kuyenda, litenge chipinda chokhala ndi khitchini ku Worthing, Rockley kapena Dover. Ndalama yotsalayo ipite ku boti la ku Carlisle Bay kukaona akamba ndi zombo zomira, ndi ku Harrison's Cave. Tsiku lina mudzuke m'bandakucha mupite ku Pebbles Beach, kumene osamalira mahatchi a mpikisano a ku Garrison Savannah amawasambitsa m'nyanja. Kuonerera n'kwaulere.

Amene muli ndi khanda kapena mwana wosakwana zaka 3, gombe likhale patsogolo pa zonse: kumadzulo, kapena Worthing. Chipinda chokhala ndi firiji ndi chitofu chidzakuthandizani kuposa chakudya chambiri chimene mwanayo sadya.

Ngati mukupita ndi agogo ndi mabanja a abale pa chikondwerero, monga zaka 60 za amayi, nyumba yonse ndiyo yoyenera, ya zipinda zapansi kuti agogo asavutike ndi masitepe, yokhala ndi wophika ndi dziwe la mpanda.

Amene mungathe kuyenda mu Ogasiti mokha, tengani njira imene imalola kusintha masiku, pewani sabata ya Grand Kadooment ngati simukupitira chikondwererocho, ndipo kondani kumadzulo chifukwa cha sargassum. Ochokera ku Malawi, Zambia kapena South Africa ayambe ndi viza yodutsira ndi ndalama zakunja asanayang'ane hotela iliyonse, afunsenso za chiphaso cha katemera wa yellow fever ngati njira yawo ikudutsa ku Addis Ababa kapena Nairobi.

Njira iliyonse imene mwatenga, potsekera sutikesi chotsanimo kabudula, chipewa kapena chikwama cha mawanga a chisilikali. Ku Barbados n'zoletsedwa ndi lamulo kuti munthu wamba avale zimenezo, ngakhale mwana, ndipo pabwalo la ndege atha kukulandani.